Nsapato Zamwayi za Mphezi

Pa chala changa chamkombaphala cha kumanja pali kachipsera koyera, kotalika ngati njere ya mpunga. Kachipsera kameneka ndi kamene kanandipezera mwamuna, ndipo ndi komweko kamene kanandilanda. Ndikulemba izi chifukwa ndatopa ndi anthu ondiuza m'basi kuti ndili ndi mwayi kubadwa kwa Mphezi. Ndimangomwetulira, malovu atadzaza m'kamwa ngati munthu wofuna kusanza. Ndipo amene amandinyansa si bambo anga okha ayi. Koma tiyeni ndiyambire pa kabati.

1

Bambo anga anasewera mpira wamiyendo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kutsogolo, atavala jezi nambala naini. Zaka zisanu ndi zinayi mwa zimenezo anasewera kunja. Anamwetsa zigoli 211, ndipo mpaka lero akhoza kukufotokozerani chilichonse: amene anawapatsira mpira, mbali imene goloboyi anagwera, ngakhale ngati tsikulo kunagwa mvula. Tsiku langa lobadwa amachita kukumbutsidwa ndi amayi.

Ochemerera anawapatsa dzina loti Mphezi, eti chifukwa otchinga kumbuyo ankangomva ukonde ukugwedezeka osaona chimene chadutsa. Atasiya mpira, mawondo atatopa, dzinalo linawakakamirabe. Ngakhale amayi akakwiya amati, "A Mphezi, chotsani mapazi patebulo."

Pabalaza pathu pali kabati yagalasi yokhala ndi kagetsi m'kati. Muli mamendulo, zikho ziwiri, majezi opindidwa bwino ndi zithunzi. Pamwamba penipeni pali nsapato zakuda zachikale, zachikopa chokhuthala. Pansi pa iliyonse pali mano achitsulo asanu ndi limodzi, aja omanga ndi kumasula amene osewera amati masitadi.

"Nsapato zamwayi izi," bambo ankauza mlendo aliyense, ngakhale wobwera kudzawerenga mita ya madzi. "Chigoli changa choyamba ndinamwetsa ndi zimenezi. Sabata yomweyo timu yakunja inanditenga."

Loweruka lililonse ntchito yanga inali kuzipukuta. Ndinkazikonda. Ndinkazinunkhiza n'kumaona bambo ali mnyamata, akuthamanga pa udzu wobiriwira, bwalo lonse litaimirira. Ndinkalota kuti wodzandikwatira adzakhala ngati iwo.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndikupititsa kansalu pansi pa nsapato yakumanja, ndinangomva kutentha pa chala. Chinali chitang'ambika. Magazi anadonthera pa chikopa, ine n'kukuwa.

Bambo anatuluka kuchipinda akuthamanga. Anandilanda nsapatoyo, naipukuta ndi malaya awo, naitembenuza uku ndi uku pafupi ndi zenera. Atakhutira kuti sinaonongeke m'pamene anayang'ana chala changa.

"Ndinakuuza kuti uzipukuta pamwamba pokha. Pansi umafunapo chiyani?"

Amayi anandimanga chala atayang'ana kumbali. Ine ndinkayesa amaopa magazi.

2

Panapita zaka khumi ndi zisanu. Tsiku lina kagetsi ka m'kabati kanazima, ndipo kwa bambo zinali ngati m'nyumba mwagwa maliro. Tinaitana wamagetsi.

Anabwera mnyamata wamtali, wa maso ofatsa, pensulo itapanidwa kukhutu. Ine ndinamugwirira chitseko cha kabati.

"Bambo anga nawo ankasewerako mpira kalekale," anatero pofuna kuyambitsa macheza.

"Aliyense bambo ake ankasewerako," bambo anayankha, maso ali pa nyuzipepala.

Mnyamatayo anandiyang'ana, ine n'kuluma mlomo kuti ndisaseke. Pomupatsira kababu katsopano anaona chipsera chija.

"Ichi ndiye chiyani? Chibwenzi chakale chinakulumani?"

"Nsapato izi ndi zimene zinandiluma, ndili mwana. Ndinkazipukuta."

"Ndiye kuti m'nyumba muno wovulala pa mpira ndinu. Basi, kuyambira lero ndinu a Kachala."

Kagetsi kanayaka. Patatha masiku atatu kanazimanso. Ndiulule, ndine amene ndinakamasula pang'ono. Wamagetsi atabwera anangokapotoza kamodzi, kuwala mbee!

"A Kachala," ananong'ona, "mukanangonena kuti mwandisowa, sindikanavutika kunyamula chikwama chonsechi."

Ndimo mmene zinayambira. Sanali ngati bambo anga ngakhale pang'ono. Sankadziwa kudzitama. Tikamayenda mumsewu ankandionetsa mawaya olumikizidwa molakwika ngati akundionetsa maluwa. Potsanzikana ankagwira dzanja langa n'kupsompsona kachipsera kaja. Chaka chisanathe anandiveka mphete.

Bambo ake anali wosoka nsapato. Anali ndi kashopu kamalata kuseri kwa pokwerera basi, konunkha guluu ndi polishi. Mwendo wakumanzere ankachita kuukoka poyenda. Mwana wawo ankangodziwa kuti inali ngozi ya pa zokonzekera mpira iye asanabadwe, basi. Makasitomala okalamba ankawatchula a Gulugufe, dzina la nthawi imene ankasewera. Tsiku loyamba lomwe ananditchula mpongozi, nandithirira tiyi m'kapu yawo yomwe. Nditawauza kuti ndine mwana wa Mphezi anaimitsa singano m'mwamba.

"Ndani samudziwa?" anatero. "Anali ndi liwiro."

Kwathu ndinanena kuti apongozi anga ali ndi bizinesi ya nsapato. Mawu oti wosoka ndinawameza, poopa mmene bambo akanapindira mlomo. Linali bodza laling'ono, koma linatuluka mosavuta kwambiri.

3

Kutatsala miyezi iwiri kuti tichite ukwati, timu yakale ya bambo inalengeza tsiku lowalemekeza. Kudzakhala masewero a osewera akale, zolankhula, ndiponso tebulo loonetsapo zinthu zawo. Nsapato zamwayi zija zinali zitayamba kuyasama kutsogolo, ulusi utaola.

Ndinaganiza zimene ndinkayesa zanzeru. Ndizitenge mobisa, apongozi azisoke, ndipo patsikulo ndidzauze bambo amene wazisoka. Chithunzicho ndinkachiona kale m'mutu: madoda awiri akugwirana chanza, ine ndi wamagetsi wanga titaima pakati, wina akutijambula.

Lachiwiri m'mawa, bambo atapita ku wailesi kukacheza za zigoli zawo, ndinazikulunga m'thaulo n'kuthamangira kukashopu kaja.

"Mpongozi, lero mwandibweretsera chiyani? Chidendene chathyokanso? Ndinakuuzani kuti nsapato zazitalizi n'za anthu a magalimoto."

Ndinatambasula thaulo. Anatenga yakumanzere naisisita.

"Chikopa chenicheni ichi. Zamasiku ano ndi mapepala."

Kenako anatenga yakumanja, naitembenuza monga amachitira wosoka nsapato aliyense, chala chachikulu chikuyenda pa mano limodzilimodzi. Chitafika pa dzino lakutsogolo, la mbali yakunja, chalacho chinaima.

Anavala magalasi. Anadzuka, nakoka mwendo mpaka pakhomo pamene panali dzuwa. Anakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Anakuuzani kuti anasewera nazo masewero ati?"

"Amati chigoli chawo choyamba..."

Anaseka kuseka kumene sindinamvepo kwa iwo, kouma ngati chifuwa.

"Masewero asanayambe, woyimbira amapititsa dzanja pansi pa nsapato ya wosewera aliyense. Nsapato iyi sikanalowa m'bwalo. Malo okhawo amene palibe amayang'ana pansi pa nsapato ndi pa zokonzekera."

"Mwina dzinolo linangotha, bambo."

"Mpongozi, ine nsapato ndazigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Dzino likamatha limabuntha, limabulungira ngati mwala wa mumtsinje. Onani anzake asanuwa. Ili ladyeka mbali ziwiri zokha, mizere yake yonse yaloza kumodzi. Iyi ndi tupa. Munthu anakhala pansi n'kulinola."

Anakhala pa benchi yawo, napinda buluku, natsitsa sokosi. Chipsera chinayambira pa katumba mpaka pa chidendene, chokhuthala ngati chingwe.

"Tinali awiri kutsogolo, ine ndi bambo anu. Ine ndinkayamba masewero, iye ankadikira pa benchi. Anthu a timu yakunja ankabwera Loweruka kudzatenga mmodzi. Lachinayi pa zokonzekera ndikuthamanga ndi mpira, iye anandilowera kumbuyo. Mtsempha waukulu unaduka. Dokotala anandifunsa ngati m'bwalomo munali botolo losweka."

Anakweza sokosi pang'onopang'ono.

"Anabwera kuchipatala ndi malalanje, akulira ngati mwana. Mkazi wanga anali ndi pakati pa mnyamata wanuyu. Ndipo mukudziwa? Ine ndi amene ndinamutonthoza. Ndinati usalire mnzanga, mpira ndi momwemo. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuchemerera pa wailesi. Mwana wanga sindinamuuze dzina, ndinati ngozi ilibe mwini."

Anakulunga nsapato zija m'thaulo ndi manja awo, nandipatsa.

"Izi sindisoka. Ndipo mnyamata ndimuuza lero."

4

Amayi ndinawapeza kukhitchini akudula anyezi. Ndinaika nsapato patebulo, mano ataloza kumwamba.

"Amayi, ndiuzeni za tupa."

Mpeni unaima. Sanafunse kuti tupa yanji. Pomwepo ndinadziwa kuti zonse n'zoona.

"Ndinawapeza pakhonde lakuseri Lachitatu masana, nsapato ataipana ndi mawondo," anatero osandiyang'ana. "Anati akuchotsa dzimbiri."

"Nanga mutamva za Lachinayi?"

"Ndinali ndi miyezi itatu pabanja, tikukhala m'chipinda chimodzi chodontha. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Munkandionerera ndikuzipukuta Loweruka lililonse!"

Chitseko chinatseguka. Bambo analowa akuimba mluzu, atavala jekete lawo lapawailesi. Anaona nsapato, anaona nkhope zathu, mluzu n'kutha. Ndinawauza kumene ndinapita nazo, ndiponso kuti wosoka nsapatoyo ndi bambo a mnyamata amene ndikukwatirana naye.

Ndinkayembekezera kuti akana, kapena agwa pansi. Anakoka mpando, nadzithirira tiyi.

"Gulugufe akadali moyo? Ndiye akusoka nsapato?" Anapukusa mutu ngati amva za mtengo wa mafuta. "Tamvera mwana iwe. Malo anali amodzi. Sindinafune kuti zifike pamene zinafika. Ndinkangofuna apume milungu iwiri."

"Munamudula mwendo, bambo."

"Nanga zigoli 211 inamwetsa ndi tupa? Ndinamwetsa ine, ndi mwendo uwu, ndi mutu uwu. Ukanamuona Gulugufe, mpira wake unali wokongola koma mtima unali wa nkhuku. Kunja akanamubweza mwezi usanathe."

"Ndiye mumazisungiranji? Bwanji simunataye dzinolo?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Zinanditsegulira njira. Chinthu chamwayi susinthapo kanthu."

Ananyika buledi mu tiyi n'kuyamba kudya. Ndinaona tiyi akutsika pa ndevu zawo, nyenyeswa zitamatira pa mlomo, mlomo womwe uja unkandipsompsona pamphumi ndikakhoza mayeso. Ndinathamangira kubafa n'kusanza.

Ndili komweko foni inalira. Anali wamagetsi wanga.

"Kachala, bambo akulira. Chibadwire sindinawaonepo akulira. Akunena zinthu zoopsa."

"Ndikudziwa."

"Mawa ndikubwera, ndidzaione nsapatoyo ndi maso anga. Ngati n'zoona..." Anapuma. "Ndimakukonda, ukudziwa. Koma sindingakhale patebulo limodzi ndi munthu ameneyo. Ana anga sangamutchule agogo. Sindingathe."

Ndinakhala pansi pa simenti yozizira, ndikuzunguza mphete pa chala.

5

Wamagetsi anafika cha m'ma teni koloko m'mawa, osanyamula chikwama. Sanawapatse moni bambo anga. Ndinatsegula kabati, ndinatulutsa nsapato yakumanja, n'kumupatsa.

Anaitembenuza. Chala chake chinayenda pa mano monga chinayendera cha bambo ake. Loyamba. Lachiwiri. Anafika lomaliza n'kubwereranso. Anapita nayo pazenera.

Onse asanu ndi limodzi anali obuntha.

"Ndi yomweyi?" anafunsa.

"Palibenso ina. Onanso yakumanzere ngati ukufuna."

Anaiona. Mapewa ake anagwa, sindikudziwa ngati chinali chimwemwe kapena manyazi. Ndinamugwira mkono, ndipo mawu anatuluka osalala ngati ndinawaphunzira kusukulu.

"Usawakwiyire bambo ako. Ululu wa zaka zambiri umaonetsa munthu zinthu. Amva pa wailesi za tsiku lolemekeza mnzawo, iwo ali pa benchi yosokera nsapato. Aliyense mtima ukanamuwawa."

Anatembenukira kwa bambo anga n'kupepesa. Anapepesa! Bambo anangogwedeza dzanja ngati mfumu yokhululukira wakuba nkhuku.

Atatuluka, bambo anadzuka n'kutenga nsapato ija. Anaiyang'ana pansi, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali. Pakamwa pawo panayamba kutambasuka.

"Mwana wanga uyu!" anatero akuseka. "Iwe ukanabadwa mwamuna ukanavala naini."

Chiyamikiro chonyansa ngati chimenecho sindinachilandirepo.

Wamagetsi anapita kukashopu tsiku lomwelo. Zimene analankhulana sanandiuze, anangoti, "Ndawauza zoona zake." Milungu itatu bambo ndi mwana sanalankhulane. Ine ndinkayesa diresi laukwati, kusankha maluwa, kulemba maina a oitanidwa. Popita kokwera basi ndinkazungulira msewu wina wautali. Telala anabweza diresi kawiri konse chifukwa ndinkangoonda.

"Ndi chikondi chimenecho, achemwali," ankandiseka. "Musathe tsiku lisanafike."

6

Tsiku lolemekeza Mphezi kunali dzuwa loswa mtengo. Bwalo linadzaza. Achikulire a mimba zawo anavala majezi akale owathina. Bambo anazungulira bwalo atakwera galimoto yopanda denga, akugwedeza manja, anthu akuimba dzina lawo. Pa masewero a osewera akale goloboyi anachita kugwera mbali ina dala kuti Mphezi amwetse, ndipo bambo anathamanga manja ali tambalala ngati n'zenizeni.

Ine ndi wamagetsi tinakhala kumalo a alendo olemekezeka, amayi ali kumbuyo kwathu ndi ambulera. Kenako bambo anapatsidwa maikolofoni. Ananyamula nsapato zija m'mwamba.

"Achinyamata inu, onani izi! Ndinayamba wopanda kanthu. Panalibe amene anandikondera. Mpira ndi thukuta, mwambo ndi kukonda anzako!"

Bwalo linaphulika. Wamagetsi anaona kuti sindili bwino, nagwira dzanja langa. Mwa chizolowezi, chala chake chachikulu chinayamba kusisita kachipsera kaja. Chinapita, chinabwera, chinapitanso.

Kenako chinaima.

Sanandiyang'ane. Maso ake anali pa nsapato zimene bambo ananyamula.

"Kachala, tsiku lija ndinabwera kudzakonza kagetsi, unati chinakucheka n'chiyani?"

Ndinafinya chikwama changa ndi dzanja linalo.

"Unati nsapato. Unati unkazipukuta." Analankhula motsitsa kwambiri, koma phokoso lonse la bwalo silinandibisire liwu limodzi. "Ine ndinagwira mano onse aja. Dzino lobuntha silicheka chala."

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizemba kuyambira pamwamba pa nkhani ino.

M'mawa wa tsiku limene anabwera kudzaona nsapato, bambo ali kubafa, ndinatsegula dirowa ya pansi pa kabati n'kutengamo kasipanala komasulira mano. Dzino lakuthwa lija linali litagwira dzimbiri. Ndinalidonthezera mafuta a makina osokera, n'kulipotoza ndi mphamvu zanga zonse mpaka linalola. Kuchipinda chosungiramo katundu kunali nsapato zina zakale za bambo. Ndinachotsako dzino lobuntha, ndinalimanga pamalopo, n'kulipaka polishi ndi fumbi kuti lifanane ndi anzake. Palibe anandituma. Amayi sanadziwe, bambo anachita kuzindikira pambuyo pake.

Kulitaya ndinalephera. Milungu itatu yonse linali m'chikwama changa, litakulungidwa m'kampango.

Ndinatsegula chikwama pomwepo, n'kutambasula kampango pa mwendo wanga. Dzinolo linanyezimira padzuwa.

Analiyang'ana, osaligwira.

"Ukudziwa zimene ndinawauza bambo anga? Ndinati ndi ansanje. Ndinati mutu wawo wayamba kusokonekera. Pamaso pa makasitomala, Kachala. Iwo anangoti, pita bwino mwana wanga, n'kupitiriza kusoka."

"Ndinkaopa kukutaya."

Anasiya dzanja langa, naliika pa mwendo wanga mofatsa, ngati chinthu cha eni ake.

"Mukawapatse nokha," anatero.

Anadzuka n'kuyamba kutsika masitepe, akudzipanikiza pakati pa anthu oimirira akuomba m'manja. Ndinamutsatira ndi maso mpaka pageti. Pa maikolofoni bambo anali atafika pa chigoli cha makumi asanu.

7

Lolemba m'mawa ndinapita kukashopu. A Gulugufe anali akukhoma chidendene cha nsapato ya mayi wina. Mwana wawo anali m'kati, atandipatsa msana, akukonza soketi ya pakhoma. Sanacheuke.

Ndinagwada n'kuika dzino lija pa benchi, pakati pa misomali ndi guluu. Ndinanena zonse, mpaka za mafuta a makina ndi fumbi. Anandimvetsera nyundo ili m'manja. Nditamaliza analitola, naliyesa pa kachidutswa ka chikopa. Linacheka ngati lezala.

"Dzukani, mudetsa diresi," anatero. Mawu oti mpongozi sanawatchule. "Bambo anu anandidula mwendo, ndipo ndinaphunziranso kuyenda. Inu munandidula mwana. Milungu itatu imeneyi yandipweteka kuposa zaka zonse zija."

"Ndinkamukonda, bambo. Ndimamukondabe."

"Nawonso bambo anu mpira ankaukonda."

Anaponya dzino lija m'chitini cha misomali yopindika, natenganso nsapato ya mayi uja. Ndinadikira kuti mwina munthu wa pa soketi uja atembenuka. Ndinamva sikuluu ikumangidwa, kenako ina. Ndinavula mphete n'kuiika pamene panali dzino, ndipo ndinatuluka.

Ukwati unathera pamenepo. Kwathu ndinasamuka mwezi womwewo, ndikukhala m'kachipinda kanga pafupi ndi kuntchito. Bambo amauza anthu kuti mnyamatayo anachita mantha ndi kukula kwa banja lathu. Amayi akandiimbira foni timakamba za mvula. Sabata yatha anandiuza kuti kagetsi ka m'kabati kazimanso, ndipo bambo akufunsa ngati ndikudziwa wamagetsi wina.

Owerenga anzanga, makamaka inu atsikana olota ngati mmene ndinkalotera ine, ndikudziwa kuti ena mukufuna kundimvera chisoni. Musatero. Lachiwiri lija ndinasanza chifukwa cha zimene bambo anachita, koma Lachitatu m'mawa ndinachita zomwezo. Ndinaona chinthu chimene ndinkachifuna ndi mtima wonse, ndinaona munthu ataima pakati, ndipo ndinamulowera kumbuyo, munthu yemwe uja, pa bala lomwe lija. Nanenso ndinadziuza kuti sindikufuna kumupweteka kwambiri.

Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanangomupatsa nsapatoyo momwe inalili n'kuima mbali yake, mwina akanandikoka dzanja n'kutuluka nane m'nyumba ija. Iye anati sangakhale patebulo ndi bambo anga. Sananene kuti sangakhale ndi ine. Zimenezi ndinazimvetsa mochedwa.

Dzulo m'basi bambo wina anandizindikira. Anandigwira chanza ndi manja awiri, akutamanda chigoli cha Mphezi cha mutu cha pa ndime yomaliza ya chikho. Kenako anaona chala changa n'kufunsa kuti chinatani.

Ndinati ndinabadwa nacho.